Mazira a Lumbe ndi Tsache la Asuweni

Sendezani lichero pakati apa, ana inu, manja azigwira makutu akumva. Mtedzawu ndi wambewu, ukufunika kumunda mvula ikangogwa. Iwe Fatsani ndakuona, wolowa m'kamwa ukuchuluka kuposa wogwera m'lichero. Tidzadzala chiyani, makoko?

Tadala wandifunsa m'mawa uja kuti lumbe n'chiyani. Akuti wamva amake akuseka khanda likuyasamula, amvekere kukamwa ngati lumbe. Mwana wa kuno kwa Kabudula, wa Sitandade 7 wathunthu, kufunsa lumbe! Koma sindikukudzudzula, mdzukulu wanga. Amako omwewo mawuwo anangowatola m'kamwa mwanga, mbalame yake anadzaiona ali ndi ana kale. Ndiye khalani bwino ndikuuzeni za mazira awiri amene anatsala pang'ono kundidanitsa ndi asuweni anga a Nambewe.

Lumbe ndi mbalame ya pansi. Samanga chisa, saunjika n'kaudzu komwe. Amangosankha pamene pali masamba ouma, n'kuikira pompo, n'kukhalapo tsiku lonse atatsinzina. Nthenga zake ndi zamawangamawanga, mtundu wa masamba omwewo, moti ukhoza kuima pafupi n'kumayang'ana pamene ali koma osamuona. Kamlomo kake n'kakang'ono, koma akayasamula kukamwa kumafika m'makutu, chifukwa chakudya chake amachiwakha akuuluka, ngumbi ndi tizilombo ta madzulo. Wamkazi ndi wooneka wamba. Wamwamuna ndiye wamatama. Nthawi yotentha ino amamera nthenga ziwiri zazitali zoyera, ina phiko ili ina phiko ilo, zimene zimatsata m'mbuyo akamauluka ngati wamangirira nsanza.

Ine ndinayamba kumuona ndili kamtsikana. Masiku amenewo kuchoka kuno kupita ku Nsaru kunali thengo lokhalokha, mombo, mitondo, misuku, kanjira n'kumapota m'kati mwake. Inu lero mumakwera kabaza wa njinga yamoto n'kumadandaula fumbi. Ife tinkasenza dengu la mtedza pa nkhata ya masamba a nthochi, kunyamuka kusanatenthe, pobwera tili ndi mchere ndi kamtanda ka sopo. Njala ya panjira sitinkaidziwa, thengo linkatidyetsa. Nyengo ina masuku, nyengo ina maula, dzinja bowa ndi matondo, timphalabungu tonona tija timene iwe Tadala unathawa utationa m'mbale. Pofika kumtsinje kuja dzuwa limakhala likulowa, ndipo m'pamene alumbe ankatuluka. Ankakhala pakati pa njira, iwe kuyandikira, iye n'kudzambatuka kukateranso patsogolo pang'ono. Amayi ankati, "Tiye iwe, kukuda!" Ine ndili chiimire, dengu pamutu, kukamwa kuli yasa.

Ndinabadwa choncho ine, wachidwi. Ankandituma madzi, ine n'kubwera anthu atadya kale chifukwa ndinapeza linthumbu likusamuka ndipo ndinafuna kuona kumene likulowera. Anyamata ankatchera ulimbo kudambo, ankaponya malegeni, apumbwa ndi njiwa n'kumathera pamoto, koma lumbe ankamusiya. Ankati ukadya lumbe udzakhala wogona masana. Ena a inu ndikakuonani Loweruka ndimakayika ngati simunamulaweko. Ine chimene chinkandivuta chinali china. Mvula ikakhwima, chimanga chikamasula, lumbe ankasowa. Amapita kuti? Atate ankati amalowa m'chulu n'kugona mpaka chilimwe. Amalume, atate awo a Nambewe, ankati amasanduka chule. Ndinakumbako chulu china ndi kakhasu, ndinangolumidwa ndi agang'a. Ndi ukalamba uno pamene aphunzitsi ena anandiuza kuti amapita kumpoto kutali, kupitirira dziko la Congo, n'kubweranso. Mbalame yosadziwa kumanga chisa, ulendo wonsewo! Mpaka lero ndimadzifunsabe kuti njira amaidziwa bwanji.

Kenako ndinakwatiwa, agogo anu aamuna anabwera chikamwini, ndipo inafika nyengo ya fodya. Kuno tinkalima chikopa, fodya wofuna utsi. Chigafa chimadya mitengo pomanga, n'kudyanso nkhuni pofukiza. Ngolo zinkalowa m'thengo m'mawa zopanda kanthu, potuluka ng'ombe zili wefuwefu. Sindinganame kuti tinkalira nazo. Fodya ameneyo ndiye anafolera nyumba iyi malata, ndiye anaphunzitsa atate ako iwe Fatsani. Koma tinadzadzuka tsiku lina kaphiri kathu aka katametedwa mpala, zitsa zokhazokha. Lumbe anasiya kubwera chaka chiti sindikudziwa. Ndinali ndi mwana kumsana, wina m'mimba, manja akuda ndi phula la fodya, ndipo zaka zambiri sindinayang'ane kumwamba.

Nkhalango ya m'mudzi imene mumakatolako masuku ija si yakale ayi. Agogo anu aamuna atamwalira kunabwera alangizi a zankhalango, bambo wina wamfupi wa njinga yakapalasa. Ife tinkayembekeza kuti atipatsa mbande za bulugama. Iwo anati ayi, zitsa zili pakaphiripo n'zamoyo, mizu yake ili pansi, zikungofuna kuti mbuzi, nkhwangwa ndi moto zizipatse mpata. Anapempha anthu odzipereka, ntchito yopanda cholandira. Amuna ambiri atamva mawu omalizawo anakumbukira kuti ali ndi zochita kudimba. Tinatsala amayi ndi madoda angapo. Lachiwiri lililonse tinkakwera ndi zikwanje ndi makasu, kupatulira mphukira pa chitsa n'kusiya zamphamvu zokha, kuthamangitsa mbuzi, ndipo chilimwe kulambula njira yotchinga moto kuzungulira kaphiri konse.

Anzanga ankapita chifukwa cha nkhuni za m'tsogolo ndi bowa. Ine, kunena zoona, ndinkapita kukaona amene abwerere. Anayamba ndi apumbwa, anthu opanda manyazi aja. Mitengo itatipitirira msinkhu zinabwera njiwa. Kenako m'mawa wina nkhwali inalira kuseri kwa mwala, ine khasu linandigwa m'manja. Ndinkawalandira mumtima mmodzimmodzi monga tinkalandirira amuna obwera kuchokera ku Joni. Lumbe yekha ndiye sankaoneka.

Tsono a Nambewe. Mukuwadziwa, agogo anu a kuseri kwa chigayo aja. Ndi mwana wa amalume anga, tinakulira bwalo limodzi, ndipo pachisuweni timanyozana mmene tifunira popanda mlandu. Ndiwo anali wapampando wa gulu lathu. Munthu ameneyo ndi tsache anabadwa tsiku limodzi. Tsamba la mango likamathothoka, iwo amalidikira pansi. Kwa iwo malo osamalidwa ndi malo osesedwa, kaya ndi pabwalo, kaya ndi kutchalitchi, kaya ndi kumanda. Alangizi ananena kuti tizilambula m'mbali mokha, m'kati masamba aziwolera pomwepo. A Nambewe anati, "Alangizi ndi mwamuna, zinyalala saziona."

Koma musawaseke, anali ndi chifukwa. Chaka china osaka mbewa anayatsa moto kumunsi, mphepo inaulumphitsa njira yathu, unapeza masamba ouma ali mbwee n'kupsereza mbali yonse ya kudambo. Thukuta la zaka zingapo linathera tsiku limodzi. Ndinawaona asuweni atakhala pa lupsa akulira ngati pamaliro. Kuyambira pamenepo chilimwe chilichonse tinkasesa nkhalango yonse m'kati, kuunjika masamba, kuwatuta ndi malichero kukathira m'dzenje la manyowa. Pansi pankayera ngati pabwalo la sukulu, ndipo tonse tinkanyada napo.

Chaka chimene iwe Tadala unayamba kuyenda tinachedwa kusesa chifukwa m'mudzi munagwa maliro motsatizana. Okutobala anafika, mombo utaphuka masamba ofiira aja, nyenje zikulira mogonthetsa m'kutu, nkhalango isanakhudzidwe. Madzulo ena ndikuchokera kudimba, khasu paphewa, ndinaona chinthu choyera chikuweyuka pamwamba pa misuku. Ndinati ndi jumbo, poti masiku ano zoyera zouluka zimakhala majumbo. Koma kunalibe mphepo. Chinatembenuka, nthenga ziwiri zija zikutsata m'mbuyo. Ana inu, ndinakhala pansi panjira pomwepo. Ndinasangalala mpaka misozi.

M'mawa mwake ndinakwera kukafuna wamkazi. Ndinayenda masiku angapo, maso pansi, osapeza kanthu. Ndinadzamupeza nditatsala pang'ono kumuponda. Tsamba limodzi linadzambatuka pa phazi langa n'kukagwa chapatali likudzikoka ngati lathyoka phiko. Pamene linachokapo panali mazira awiri, ofiirira, amadonthomadontho, ali pa masamba chabe pansi pa msuku wopendekeka wa kumtunda uja. Ndinabwerera chambuyo osapuma n'komwe.

Sabata yomweyo alangizi anatumiza uthenga kuti kubwera alendo a kuboma ndi a midzi ya ku Nambuma kudzaphunzira kwa ife. A Nambewe atamva za alendo anamanga chitenje m'chiuno. Analamula kuti tisese tsiku ndi tsiku mpaka nkhalango yonse iyere. Matsache anayambira kumunsi, akukwera, ndipo msuku wopendekeka unali panjira pawo.

Ndinasowa pogwira. Kuuza gulu lonse, nkhani ifika kwa ana, ana abwera ndi agalu kudzaona. Kukhala chete, tsache lidzakokolola mazira pamodzi ndi masamba, wosesayo osadziwa n'komwe. Ndiye ndinati mbali ya kumtunda ndisesa ndekha, msana wanga umagwirizana ndi potsetsereka. Ndinkasesa kutali ndi msuku, kubwereza pamene ndasesa kale, fumbi lili koboo kuti aone kuti ntchito ikuyenda. Koma a Nambewe sungawanamize pa nkhani ya tsache. Alendo atatsala pang'ono kubwera, anandikwerera komweko.

"Asuweni, kodi mukusesa kapena mukupesa tsitsi?" anatero. "Masiku onsewa pano pokha? Patukani ndimalize ine."

Ndinaima kutsogolo kwawo. "Apo musafikepo."

"Chifukwa?"

"Pali mwini wake."

Anayang'ana uku ndi uku. "Njoka eti? Ndiye tiitane amuna."

"Si njoka. Ndi lumbe, akufungatira. Yang'anani patsinde paja, kumanja kwa muzu wotumphukawo."

Anayang'ana, kuyang'ananso, kupukuta m'maso ndi chitenje. "Ine ndikuona zinyalala. Inu a Nankhoma ukalamba wakuyambani kumutu. Muli mwana munkakumba chulu, lero mukulondera masamba."

"Khalani pansi kaye. Musayankhule."

Kukhazika pansi a Nambewe ntchito ilipo si chinthu chapafupi. Koma anakhala, tsache pamiyendo. Tinakhala, nyenje zikulira, thukuta likutsika. Kenako pakati pa masamba paja panatseguka diso limodzi, lakuda, lalikulu. Linatiyang'ana, n'kutsekanso pang'onopang'ono. Ndinamva asuweni akukoka mpweya.

"Mayo ine," ananong'ona. "Ndiye wakhala pamenepa nthawi yonseyi? Dzuwa lonseli, osamwa madzi?"

"Ndi mazira awiri pansi pake."

Anasuzumiranso patsinde paja. Kenako anati, "Atate ankati amasanduka chule." Tinaseka titatseka pakamwa ngati atsikana m'tchalitchi. Koma atasiya kuseka nkhope inabwerera ya wapampando. "Nanga moto ukabwera? Masamba amenewa ndi palafini. Apsa iye, mazira ake, ndi nkhalango yathu yomwe."

Ankanena zoona. Anaimirira, anayeza ndi maso, n'kuyamba kusesa mozungulira, kutali ndithu ndi msuku, mwakachetechete monga sindinawaonepo chibadwire. Masamba a pakati anawasiya mmene analili, malo aakulu ngati pabwalo pano, koma kuzungulira analambula kanjira kotambalala ngati mkombero wa lichero ili, mpaka dothi lokhalokha, losalala. Moto sukanaulumpha mkombero umenewo.

Chimene sitinaganize n'chakuti anthu aona bwanji. Nkhalango yonse yoyera mbee, pakati pali kachilumba ka masamba kozunguliridwa bwinobwino, nkhalamba ziwiri zikupitako n'kumanong'onezana. Pofika Lamulungu mudzi wonse unkadziwa kuti Nankhoma ndi Nambewe atchera mankhwala pakaphiri. Ana anasiya kudutsako, osaka mbewa ankalambalala kutali. Mkulu wa mpingo wathu anabwera kunyumba kuno, chipewa m'manja, kuzungulirazungulira ndi nkhani za mvula, kenako anati, "Amayi, anthu akuyankhula. Inu ndinu amayi a mpingo, ovala yunifolomu." Ine ndi a Nambewe tinawatengera komweko, tinawakhazika kuseri kwa chulu china mpaka nawonso anaona diso lija.

Potsika anati, "Ndiye ndikalengeze kuti ndi mbalame chabe?"

A Nambewe anati, "Dikirani aswe kaye, abambo. Mantha amenewa akutilondera bwino."

Mkuluyo anakanda m'mutu, anati iwo sanama, koma kuchedwa kuyankhula akhoza.

Alendo anabwera, anazungulira, anayamikira. Mmodzi wa iwo, mayi wa ku tauni, anali ndi magalasi oonera patali. Akuti iye amangoyenda kuona mbalame basi, osazigwira, osazidya. Ndinadabwa kuti kunja kuno ndili ndi anzanga. Anandibwereka magalasiwo tili kuseri kwa chulu, ndipo lumbe anabwera ngati ali m'manja mwanga, pakhosi pakugundagunda ndi kutentha, m'mbali mwa mlomo muli tindevu. Zaka zonsezi osadziwa kuti lumbe ali ndi ndevu! Kumbuyo kwanga ndinkamva a Nambewe akufotokozera alendo za mkombero ngati unali m'mapulani a komiti kuyambira kale.

Alendo atapita nkhawa yanga inakula. Poyamba masamba anali ponseponse, lumbe ankabisala pakati pa ambiri. Tsopano kachilumba kanatsala kokha, poonekera kwa khwangwala aliyense wodutsa ndi galu aliyense, poti agalu saopa mankhwala. Ndinkadziuza kuti akalephera chaka chino sadzabweranso, ndipo ine zaka zina zodikira ndilibe. M'mawa uliwonse ndinkakwera kukasuzumira kuseri kwa chulu, ndipo dzuwa likapendeka a Nambewe ankapita kukasesanso mkombero, kuchotsa masamba ogwa tsikulo. Tsiku lina ndinaona lumbe atakhala motukuka, pansi pa phiko pakusuzumira kamutu kaubweya. Anali ataswa. Sindinauze munthu kupatula asuweni.

Patapita masiku ochepa ndinakwera m'mawa monga mwa nthawi zonse. Ndinayang'ana kumanja kwa muzu, palibe. Ndinadikira diso, silinatseguke. Ndinayandikira mpaka m'mphepete mwa mkombero. Panali masamba okhaokha ndi kachigoba ka dzira. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira mokweza, nkhalamba yonse ine. A Nambewe anandimva ali kumunsi akutola nkhuni, anabwera akutsimphina ndi mawondo awo aja.

"Adyedwa," ndinatero. "Mkombero wanuwu ndi umene waonetsa agalu. Bola tikanangowasiya."

Mawu amenewo anali owawa, ndipo ndinaona kuti awalasa. Anayamba kuyenda kunja kwa mkombero ataweramira pansi, manja kumbuyo. Dothi lija analisesa okha dzulo lake, linali losalala, ndipo chilichonse chodutsapo chikanasiya chizindikiro. Anazungulira mbali ya kudambo, palibe. Mbali ya kumwala, palibe. Atafika mbali yoyang'ana ku chitsamba cha minga, chimene matsache athu anachilephera, anaima. Anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo.

"Asuweni, tabwerani. Mupondere kunja."

Ndinafika. Pa fumbi paja panalibe phazi la galu, panalibe mkukuluzi wa njoka, panalibe zala za khwangwala. Panali timapazi tafupitafupi ta mayi wawo, ndipo pambuyo pake mizere iwiri ya tizikhadabo tating'ono ngati wina wadinda ndi kaudzu. Mzere umodzi unali wowongoka. Winawo unkapotapota, ndipo penapake panali kadzenje pamene mwini wake anagwa chamimba n'kudzukanso. Yonse inadutsa mkombero n'kulowa pansi pa minga.

"Awiri onse," anatero a Nambewe, akuloza ndi chala. "Apita ndi miyendo yawo. Taonani aka, kagwa apa, kadzuka, kapatukira uko. Kameneka katengera inu, koyenda kakuyang'ana zina."

Ndinafuna kupepesa mawu anga aja. Ndinangowagwira mkono kuti ndiwadzutse, ndipo iwo sanafune kudzuka. Ndinagwada nanenso. Tinakhala pamenepo awiri mpaka dzuwa linatentha, tikutsata timizereto ndi maso kufikira pamene tinalowera. Kenako m'kati mwa minga muja munamveka kamawu kapansipansi, n'kumvekanso kena koyankha.

A Nambewe anandifinya mkono. "Tiyeni tizipita," ananong'ona, "ana agone."